Mapira a Nabanda

17 Novembala 2024, Lamulungu

Kutentha. Nkhuku zangoti kukamwa yasa pansi pa nkhokwe. Titachoka ku Misa ndinalowa m'khitchini mwa amayi, koyamba chimwalirire iwo mu Ogasiti. Ndimangofuna chipande. Kukweza maso kudenga, ngala za mapira zija. Zakuda ndi mwaye, zomangidwa ndi kansalu kong'amba ku duku lawo. Ndinakhala pa mtondo nthawi yaitali. Chipande ndinachiiwala.

Mapira ofiira. Mudzi uno umangoti mapira a Nabanda, dzina la amayi, chifukwa ndi iwo okha amene anatsala nawo. Tili ana, kuchokera kuno ku Mua mpaka ku Golomoti, munda uliwonse unali ndi mapira, nsanja iliyonse ndi mwana wake ndi chitini chake. Sukulu itakhala yaulere ana anapita kusukulu. Zabwino ndithu, Onani wanga ndi namwino lero. Koma nsanja zinagwa, woingitsa mbalame anasowa, mapira anatha mwakachetechete. Amayi okha, mizere yochepa pafupi ndi mtengo wa msangu, iwo eni pa kampando ndi ndodo.

Dzinja lathali sanadzale, miyendo inakana. Ndiye ngala izi ndi zakalekale. Ndazifikisa m'lichero. Mbewu yake sinadzaze ndi kambale ka ndiwo komwe. Ina yofumbwa.

20 Novembala, Lachitatu

Foni imene Onani ananditumizira ndayamba kuizolowera. A Matilda, alangizi athu a zaulimi, anandilowetsa m'gulu la alimi la pa WhatsApp, dzina lake Tisunge Mbewu. Muli a kuno, a ku Golomoti, ena a kunyanja cha ku Mtakataka. Ambiri sindinawaonepo, ndimangowadziwa mawu. Timatumizirana zithunzi: nzama, chitowe, mbozi yachilendo, mtambo. Wina akasowa mbewu amapempha, mwini wake amaikweza minibasi. Lamulo limodzi lokha, mbewu ya makolo sitigulitsana.

Ndinajambula mapira pa chikhatho, nkutumiza. Foni sinapume tsiku lonse. Bambo wina wa ku Golomoti akuti wamva fungo la thobwa la amayi ake. A Bernard, amuna anga, ali pakati pomata chubu cha njinga ya kasitomala: “Fonitu iyi ikulowetsani ufumu.”

Ndiye a Katerina, mkazi wa msodzi ku Mtakataka. Uthenga wawo wa mawu umayamba ndi moni wa munthu aliyense, ana, mbuzi, odwala, pofika pa nkhani bandulo yatheka. Akuti agogo awo ankalima omwewa. “Mundigawireko, amayi a Onani, ngakhale a pa nsonga ya supuni. Ndikadzala kuseri kwa bafa.”

Sindinayankhe.

22 Novembala, Lachisanu

Ndayankha. Ndati chaka chamawa.

Mbewu ndi yochepa, mwina theka silimera. Munthu sindimudziwa. Kwawo ndi mchenga. Zifukwa zilipo zokwanira, ndaziwerenga ndikutsuka mbale. A Matilda anandiimbira padera, mwaulemu. Akuti mbewu yokhala m'munda umodzi sigonetsa tulo. Ndikudziwa. Koma amayi anamanga ngalazo ndi duku lawo, ndipo dzanja langa likukana.

A Katerina sanakwiye. “Chabwino mayi, tidikira. Ife akazi a asodzi kudikira ndi ntchito yathu.” Kenako moni wa mbuzi zonse.

11 Disembala, Lachitatu

Tadzala.

Mvula yoyamba ija tinaisiya dala. Uthenga wa zanyengo umene a Matilda amatumiza unati kukubwera ng'amba. Bondo la a malume a Gabrieli, mlongo wawo wa amayi, linanenanso zomwezo. Akuti foni yangobera bondo lawo. Ng'amba inabweradi, amene anathamanga akudzalanso. Dzulo yagwa yeniyeni, usiku wonse, fungo la dothi mpaka m'bulangete.

Mapira ndadzala pamalo pa amayi pomwe, tsidya la kamtsinje, pafupi ndi msangu. Phando lililonse njere zochepa, ngati ndikugawa mchere wa pa ngongole. Pakati khobwe, m'mbali nandolo, maungu pa chulu. Achimwene a Zakariya, amene amalima thonje chakumtunda, anaima ndi kuyang'ana: “Uwu ndi munda kapena msika?”

Kambale kabwerera kunyumba kopanda kanthu. Palibenso njere ina padziko.

19 Disembala, Lachinayi

Amera. Osati onse. Mapando ena angoti duu. Koma amera.

Ndinagwada ndi kuwajambula. Timasamba tating'ono ngati ta udzu wamba. Munthu wodutsa akhoza kuponda osadziwa.

Shuga wakweranso mtengo. Tiyi wa lero wa mbatata basi. Ndamwa ndikuseka ndekha.

26 Januwale 2025, Lamulungu

Mbozi. Masamba obooka, utuchi pamtima pa mbewu. Ndinatumiza chithunzi, a Matilda anachionetsa kachipangizo ka m'foni mwawo kozindikira tizilombo. Ntchemberezandonda.

Achimwene anabwera ndi botolo la mankhwala a thonje, akuti kamodzi kokha. Ndinakana. Khobwe ndikudya masamba ake, ndipo njuchi za a Bernard zili pa msangu pomwepo.

Anandipulumutsa ndi a Katerina. Akuti wiritsani usipa, msuzi wake muthire pamtima pa mbewu, nyerere zibwera kudzafuna nsomba ndipo zikapeza mbozi. Ndinati usipa wothira m'munda ndiutenga kuti, wa m'mbale womwe ukuvuta. Dzulo kondakitala wa minibasi anaima pa msewu ndi kufuula dzina langa. Kajumbo ka zinyenyeswa za usipa, za pansi pa thandala loyanikira nsomba. Kochokera kwa a Katerina.

Munthu amene ndinamumana supuni.

9 Febuluwale, Lamulungu

Nyerere zagwira ntchito. Mbalamenso, m'mawa uliwonse zili m'mizere kutola mbozi. Ndikuziyamika tsopano, mu Epulo ndidzazitukwana.

Mapira andipitirira msinkhu. Khobwe wayanga. Agulugufe, achule m'ngalande, bololo wanenepa. Munda wa phokoso, ngati wa kale. Ndinathyola chitambe, tadyera chotendera.

Onani anaimba. Akuti mawu anga asintha.

9 Epulo, Lachitatu

Ngala zatuluka, zayamba kuika mkaka. Mpheta zadziwa kale. Ndani amaziuza?

A Bernard amanga nsanja. Zingwe kuchokera pansanja kupita m'makona onse, zitini za miyala zolendewera. Ukakoka chingwe munda wonse umalira. Nditakoka koyamba ndinabwerera zaka zambiri: ine ndi achimwene pansanja, misale m'manja, kukangana kuti atsike ndani kukatunga madzi.

Ndekha sindingathe, mbalame sizidziwa Lamulungu. A Matilda anaika nkhaniyi m'gulu. A m'mudzi muno amene ali m'gulumo agawana nthawi: wina mmawa, wina masana, wina dzuwa likapendeka. Womaliza amatumiza chithunzi cha nsanja, wotsatira amanyamuka. Malipiro ake mbewu, tikakolola. Ndavomera, ndipo pakamwa sipanawawe monga ndimaganizira.

A malume a Gabrieli alanda mmawa wonse. Foni alibe, safunanso. Akuti nsanja ya mlongo wawo sangakhalepo mlendo dzuwa lisanakwere.

15 Epulo, Lachiwiri

Ndinapita ndi phala kumunda. A malume ali gone pansanja, wailesi pamimba, chingwe anachimanga ku chala chachikulu cha phazi. Akatembenuka zitini zimalira. Njiwa ziwiri zili phee pa mtanda, pafupi ndi mutu wawo.

Nditawadzutsa: “Sindinagone, ndimazinamiza.”

Ndinawajambula asanadzuke. Gulu lonse lafa nazo. A Katerina akuti amuna awo amawedzanso choncho.

Tinakhala pansanja tonse awiri, phala m'kapu imodzi. Anandiuza kuti amayi ali mtsikana ankaimba mokweza pansanja mpaka anyamata a tsidya lina ankabwera kudzathandiza kuingitsa mbalame zimene kunalibe. Sindinkadziwa. Amayi anga, oimbira anyamata.

22 Epulo, Lachiwiri

Mpheta zachuluka. Zimabwera ngati utsi. Mzere wa kumadzulo wayamba kuyera.

Achimwene analemba m'gulu, poyera, kuti tiviike madeya m'mankhwala a thonje ndi kuwaza m'mbali mwa munda, nkhani ithe. Sikuti ndi oipa mtima. Anandiona maso ofiira.

Gulu linawira mpaka foni kutentha. Mayi wina: nanga nkhuku zathu? Wina: nanga ana amene amatola mbalame zakufa ndi kuwotcha? Bambo wa ku Golomoti uja anakumbutsa za chaka chimene kwawo anachita zimenezi, kunafa akadzidzi ndi amphaka omwe, makoswe nkulowa m'nkhokwe ngati alendo oitanidwa. A Matilda sanakalipe. Anangobwezeretsa chithunzi changa cha mu Febuluwale, mbalame ili ndi mbozi kukamwa.

Ine ndinangoti amayi sanaphepo mpheta. Ankati mzere wa m'mphepete ndi wa eni thengo.

Achimwene anatuluka m'gulu. Madzulo anabwera ndi zitini zina, nkuzimangirira okha. Mmawa a Matilda anawabwezamo.

30 Epulo, Lachitatu

Ngala zafiira. Zikuwerama. Masabata awiri kapena atatu, tidula.

Masana anali anga. Mphepo yozizira kuchokera kuphiri, nandolo wayamba maluwa, njuchi zili pa ntchito. Ndinakoka chingwe, kuimba pang'ono, kukokanso. Palibe chimene ndimafuna. Fizi ya mwana wa achemwali ikudikira, denga la khitchini likudontha, koma pansanja paja zonsezo zinali zazing'ono ngati anthu a patali.

Ndikanakonda amayi akanaona. Mwina akuona, akuti ndadzala mothithikana.

6 Meyi, Lachiwiri

A malume atisiya.

Sanapite kumunda mmawa. Anawapeza pamphasa, wailesi ikulankhula yokha. Dzulo lomweli anandipempha fodya.

Masamba aikidwa pa msewu. Mudzi wonse uli pano. Ndine mwana wa mlongo wawo, malo anga ndi m'siwa, pambali pa mutu.

7 Meyi, Lachitatu

Ndabisala kuseri kwa khitchini pang'ono, ndi kope ili.

Sitiika lero. Tikudikira mwana wawo wamkulu, ali pa ulendo kuchokera ku Joni. Mwina mawa.

Maliro ali m'mudzi munthu sapita kumunda. Sindinafunsepo chifukwa chake, ndipo sindikufunsa lero. Onse a pa nsanja yanga ali pompano: wina akuphika, wina akutema nkhuni, achimwene ali ndi adzukulu okumba manda. Nsanja ili yokha chiyambire dzulo mmawa.

Ndikuimba nyimbo za maliro, ndikulira a malume ndi mtima wonse, Mulungu akudziwa. Koma khutu limodzi lili tsidya la kamtsinje. Gulu la mpheta linadutsa pamwamba pa siwa kulowera komweko, ndinaliona pa zenera. Manyazi. Munthu wagona apa, ine ndikuganiza za mapira.

A Bernard anandinong'oneza kuti angozemba, palibe aone. Ndinati ayi. Mkamwini kuzemba pa maliro a malume a mkazi wake, tidzaukweza kuti mutu? Foni ndazimitsa, ili m'thumba la ufa. Sindikufuna kuona kanthu.

Kambale kaja kanali kopanda kanthu. Ndikanapereka supuni ija.

8 Meyi, Lachinayi

Taika. Pafupi ndi amayi. Wailesi tampatsa mwana wawo.

Kumunda sindinapite. Mphamvu yokaona ndilibe.

9 Meyi, Lachisanu

Ndilembe bwinobwino, ndisadzaiwale.

Ndinanyamuka mmawa ndekha, ndi chikwakwa, kuti ngati patsala ngala imodzi ndiidule. Ndisanawoloke kamtsinje ndinamva zitini. Ndinaima. Ndinaganiza za chala cha a malume, tsitsi linandiimirira. Kenako nyimbo, mawu a azimayi angapo, nyimbo yomwe ija tinaimba kumanda.

Pansanja mayi wamfupi, wonenepa, chitenje chomanga m'chiuno ngati wopita kokoka khoka. Pansi ena awiri, mmodzi wovala mpango wa Chisilamu. Njinga zitatu pa msangu. Mafuwa, kapoto, mphasa. Sindinawadziwe nkhope. Atatsegula pakamwa ndinawadziwa, chifukwa anayamba ndi moni wa a Bernard, wa Onani, wa achimwene, wa njuchi.

A Katerina.

Akuti a Matilda analengeza za maliro m'gulu Lachiwiri masana. Iwo atamva anawerenga okha: ngati maliro ali m'mudzi mwa amayi a Onani, ndiye pansanja palibe munthu. Anandiimbira, foni yozima. Anaitana anzawo awiri, a Priscilla ndi a Asiyatu, nkupalasa kuchokera ku Mtakataka Lachitatu m'bandakucha. Njira anaipeza ndi zithunzi zanga: msangu, chulu, kamtsinje. Madzulo amakagona kwa mbale wawo pa msewu, mmawa amabwerera.

Anabweretsa zidutswa za ukonde wakale, woola. Ngala zikuluzikulu anazikulunga imodziimodzi, momanga bwino kuti mbalame isakodwe. Munda ukuoneka ngati ana ovala zipewa.

Lachiwiri lonse mpheta zinadya mwaufulu. Mizere ya kumadzulo yapita, mbali ya chulu yapita. Mwina gawo limodzi mwa atatu. Zotsalazo zili bwinobwino, zofiira, zolemera.

Ndinakhala pansi m'khobwe ndi kulira kuposa kumanda. Ndinati mwachita zotani, maliro ali m'mudzi. A Katerina: “Maliro ndi a mudzi wanu, ife kwathu kulibe. Khasu sitinagwire. Tangokhala pansi nkumaimba. Takhuzira kuno, mayi, chipepeso chathu ndi chimenechi.”

A Asiyatu akuti nyimbo zathu sakuzidziwa, ndiye iwo anali a zitini.

Za supuni sanatchule. Ine ndinayamba, anandidula: anafunsa ngati khobweyu ali ndi mwini, chifukwa akhala akuthyola.

11 Meyi, Lamulungu

Nkhani yafika kwa akuluakulu. Ena amati sizinachitikepo, alendo m'munda maliro ali pakhomo. Anakambirana pansi pa mtengo titachoka ku Misa. Anayankha ndi achimwene, ine osayembekeza: “Mwambo umaletsa ife. Mpheta sunaziletse, a ku Mtakataka sunawaletse.” Anthu anaseka, nkhani inathera pomwepo.

M'gulu agwirizana. Maliro akagwa mudzi wina mbewu zili pa mbalame, a mudzi wina azipita. A Matilda akuti alemba kuti likhale lamulo lachiwiri. Bambo wa ku Golomoti akuti lisalembedwe, zolembedwa anthu amaziphwanya.

Nthawi ya mmawa pansanja palibe amene akufuna kuitenga. Ndikupita ndekha. Chingwe chija chikadali ndi mfundo ya chala chawo.

24 Meyi, Loweruka

Tadula. Madengu angapo, osati ambiri, koma msana wamva. Ngala zabwino ndazipatula, ndazimanga ndi kansalu ka amayi komwe kaja, zili kudenga m'khitchini mwawo. Ndakolezamo moto, utsi ugwire ntchito yake.

Zina ndagawa m'timapepala. Onse a pansanja, bambo wa ku Golomoti, a Matilda za nkhokwe ya mbewu ya gulu. Achimwene atenga, akuti ndi za nkhuku. Ndawaona akufunsa a Bernard kutalika kwa mitengo ya nsanja.

Chaka chamawa minda idzakhala yambiri, mpheta zidzagawikana. Ndi mmene zinalili kale. Munda umodzi sungakhutitse mbalame za dziko lonse.

Za a Katerina sindikweza minibasi. Ndasankha ngala zazikulu, za mu ukonde wawo, ndikapereka ndi manja. Ndaviikanso pang'ono za chimera. Thobwa loyamba tikamwere limodzi.

28 Meyi, Lachitatu

Ndimati ndipita Loweruka, chimera chikauma.

Foni yalira ndikusesa. Uthenga wa a Katerina, waufupi, wopanda moni wa aliyense. Apongozi awo aakazi amwalira usiku. Sananene china.

Mpunga wawo uli kudambo, wayamba kucha. Anatumiza chithunzi chake sabata yatha, kumbuyo kwake kuli migwalangwa iwiri ndi bwato lobooka. Ndiupeza.

Ndawaimbira a Matilda, auza a ku Golomoti. Achimwene akuti atsatira masana. Ngala ndakulunga m'chitenje, zitini zili m'thumba, chingwe cha a malume ndachimasula pansanja. Ufa pang'ono, khobwe wouma. A Bernard akupopa njinga, akuti tayala lakumbuyo silifika ku Mtakataka ndi katundu yenseyu, ndichepetse.

Sindichepetsa. Akuitana panja